Pakhonde pa Azakhali: Makwinya Sachoka ndi Ukali

Lowani, ana a alongo anga, mphasa ndayala kale. Sabata ino dengu langa la makalata ladzaza ndi nkhani imodzi, moti ndikamatsegula maenvulopu ndikuchita kumva fungo la nsalu yopserera. Sindikudabwa. Lamulungu lapitali ndidakhala kumbuyo m'tchalitchi, pamalo anga a masiku onse, pomwe munthu amaona misana ya mpingo wonse. Zomwe ndidaona kumeneko, abale inu! Ena malaya awo ngati awalanditsa m'kamwa mwa ng'ombe. Ena kutsogolo kosalala bwino koma kumsana ngati munda wa mbatata, kusonyeza kuti mwini wake adasita mbali yokhayo yomwe amaiona pagalasi. Mnyamata wina wa kwaya buluku lake lidali ndi mizere itatu mwendo umodzi, ngati njanji za pa siteshoni ya Limbe. Ulaliki ndidaumva theka, Mulungu andikhululukire.

Tiyeni tsono timve madandaulo anu. Amene mawu anga amulase akamwe madzi, abwere tipitirize.

Shati yanga yalodzedwa?

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27. Loweruka likudzali ndikukaonekera kwa amalume a bwenzi langa ku Thyolo. Ndidagula shati yoyera pa kaunjika, nsalu yake ya thonje, yolimba bwino. Ndaichapa, yauma, koma makwinya akukana kuchoka. Ndasita katatu konse, ndikutsindika ndi mphamvu zanga zonse mpaka mkono kuwawa, koma ndikangoinyamula makwinya ali pompo. Kodi simbi yanga ndi yofooka, kapena pali wina amene sakufuna kuti ukwatiwu uchitike?

Ine Wankhawa, ku Bangwe

Iwe Wankhawa,

Asiye anthu osalakwa agone. Palibe mfiti yomwe ingasiye tulo take, n'kukwera lichero usiku, kudzakwinya shati ya pa kaunjika ku Bangwe. Wakulodza ndi dzuwa lomwe udaisiyapo shatiyo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa m'khola, mpaka idauma gwa ngati chikopa cha ng'oma.

Tchera khutu, chifukwa yankho lako ndi la anzako onse alemba sabata ino. Ulusi wa thonje uli ngati dongo la mbiya. Ukanyowa umafewa, tizigawo take tating'onoting'ono timamasukirana, ndipo ukamauma timagwirananso momwe kuumako kwatipezera. Nsalu ikauma ili yofinyika, makwinyawo amakhala amangidwa mfundo m'kati mwenimweni mwa ulusi. Udaonapo woumba mbiya akuwongola dongo louma ndi chibakera? Amayamba walinyowetsa. Madzi ndiwo amamasula mfundozo, kutentha ndi kulemera kwa simbi kumawongola ulusi n'kuumitsa madziwo, ndipo nsalu ikazizira ili yowongoka imakhala choncho. Mphamvu zako zija kazisungire kumunda kwa apongozi, kumeneko zikafunika.

Chita izi Lachisanu madzulo. Tenga botolo la pulasitiki, uboole chivindikiro chake timabowo ndi singano yotentha, uthiremo madzi oyera. Waza shati yonse kuti ichite chinyezi, osati kuinyika ngati ukuichapanso. Ndidamuona mnyamata wina akumwa madzi n'kumapemerera pa malaya ndi pakamwa. Usayerekeze. Amalume a mwana wa eni sayenera kulandira mkamwini wovala malovu ake omwe. Ukawaza, ikulunge ngati mkeka, uiike m'jumbo, umange, uisiye kwa mphindi 20 kapena 30. Nthawi imeneyo chinyezi chimayenda chokha kufika paliponse, ngakhale m'misoko momwe madontho sadagwere.

Pomwe ukudikira, konza positira. Pinda bulangete kawiri kapena kanayi, uyale patebulo, pamwamba pake uyalepo nsalu yoyera bwino. Usasitire pa matiresi chifukwa amabonyokera pansi, simbi n'kusowa poponda. Usasitirenso pamphasa yopanda choyala, ungapite ku Thyolo ndi mizere ya bango kumsana.

Simbi itenthe mokwanira, thonje siliopa moto. Yamba ndi kolala, mbali yam'kati kaye kenaka yakunja, ndipo uziyendetsa simbi kuchokera kunsonga kulowera pakati. Ukachokera pakati kupita kunsonga, nsalu imakankhidwira kumapeto n'kusiya timakwinya pansonga penipeni pomwe maso a amalume akafikire. Kenaka mapewa. Kenaka manja, kuyambira polekezera pa mabatani, n'kuyala mkono motsata msoko wake. Ukatero ubwere kutsogolo, mphuno ya simbi izidutsa pakati pa mabatani, osati pamwamba pawo. Malizira kumsana, komwe iwe suonako koma ife a kumbuyo kwa tchalitchi timaonako. Tizigawo ting'onoting'ono timayambirira chifukwa sitikwinyika msanga pomwe ukutembenuza shati, pamene mbali zikuluzikulu ukaziyambirira zimakwinyikanso usanamalize.

Pena paliponse usite mpaka paume. Ukasiya chinyezi, makwinya amabwerera ngati mlendo woiwala chipewa. Ukamaliza ikoleke pa hang'ala, umange batani lapamwamba, uileke izizire. Shati yovala ili yotentha imakwinyika usanafike ndi pachipata pomwe.

Loweruka usakwere nayo minibasi ili pathupi, iwe wachinayi pampando wa anthu atatu, dengu la tomato pamiyendo. Valira ina, iyi uipinde bwino m'jumbo loyera, ukasinthe watsala pang'ono kufika. Ndipo ulendo wina uzidziwa kuti kusita kumayambira pachingwe. Usamafinye malaya ngati ukupotokola khosi la nkhuku. Finya pang'ono, ukutumule kawiri katatu, uyanike yowongoka, ndipo uanule ikadali ndi kachinyezi. Ukatero botolo lija silifunikanso.

Amalumewo ukawapatse moni wanga. Ngati akakukane, pasakhale pa kolala.

Mabuluku awo akuwala, iwo akulusa

Azakhali,

Ndili pabanja zaka 6. Amuna anga amagwira ntchito mu ofesi ndipo amakonda mabuluku akuda. Vuto ndi loti ndikawasita amatuluka onyezimira m'mawondo ndi kumatako, ndipo nthawi zina mzere umakhala uwiri. M'mawa uliwonse ndi mkangano. Amati amayi awo ankasita bwino kuposa ine. Iwo simbi sadaigwirepo chikwatirane. Nditani?

Ine Wotopa, ku Kasungu

Mwana wanga Wotopa,

Tiyambe ndi buluku, mwini wake timupeza.

Tembenuza buluku ufufuze kansalu kolembedwa komwe kamasokedwa m'chiuno kapena m'mbali. Ambiri mumakadula tsiku logula ati kamayabwa, osadziwa kuti mukudula malangizo a mwini fakitale. Pamenepo pamajambulidwa kasimbi kokhala ndi madontho m'kati. Dontho limodzi likutanthauza moto wochepa, osapitirira madigiri 110, ndipo ndi wa nsalu zonga nayiloni. Madontho awiri ndi madigiri 150, a ubweya ndi nsalu zambiri zosakaniza poliyesitala. Madontho atatu ndi madigiri 200, a thonje. Kasimbiko kakakhala kothethedwa ndi mtanda, ndiye kuti chovalacho sichifuna simbi m'pang'ono pomwe. Madontho omwewo ali pa kagudumu ka simbi yako yamagetsi, kaja kamene chigulireni kadakhazikika pamapeto penipeni ngati kadaotcheredwa.

Mabuluku ambiri a mu ofesi ndi a madontho awiri. Ukawaponda ndi moto wa thonje, simbi ikukhudza nsalu mwachindunji, timaulusi tapamwamba timagona pansi n'kuphwatalala, ndipo malo ophwatalalawo ndi omwe amawala ngati mphumi ya munthu wodzola mafuta ambiri. Pa nsalu yakuda zimaonekera patali.

Mankhwala ake ndi kansalu kositira. Peza nsalu yoyera ya thonje, yopyapyala, yosasuluka. Inyowetse, uifinye, uiyale pabuluku, simbi iziponda pakansaluko. Nthunzi imalowa m'buluku koma chitsulo sichikhudza ulusi. Kanga ndidakadula ku shati ina yakale, nkhani yake ndikuuzani tikamatsanzikana. M'chiuno ndi m'matumba usite bulukulo litatembenuzidwa, chifukwa ukasitira kunja, matumba amadinda chithunzi chawo pansalu. Malo omwe awala kale yesa kuyalapo kansalu konyowetsedwa m'madzi othira viniga pang'ono, upondepo mopepuka kuti nthunzi ilowe, kenaka upese ndi burashi yofewa. Ngati ulusi udangogona, udzuka. Ngati udasungunuka, palibe sing'anga, bulukulo lisanduke lopitira kudimba.

Mzere uwiri umabwera chifukwa chothamanga. Gwira buluku kumiyendo, ulumikize msoko wam'kati ndi msoko wakunja kuti ugonane ndendende, mzere weniweni udzionetsa wokha kutsogolo ndi kumbuyo. Yala mwendo umodzi umodzi. Pamzere usamakhwekhwereze simbi uku ndi uku. Ponda, nyamula, sunthira patsogolo, pondanso. Kukhwekhwereza n'komwe kumasuntha nsalu n'kubereka mzere wachiwiri. Mzere wolakwika wakale uyambe waufafaniza: nyowetsa, tembenuza buluku, uusite kuchokera m'kati mpaka uthe. Ukafuna kuti mzere ukhalitse, paka sopo wouma pang'ono m'kati mwake usanaponde. Umatuluka wakuthwa moti ntchentche ingadzicheke.

Tsopano bambo a panyumbapo. Awerengere ndime iyi mokweza, ndikudziwa ali pompo akunamizira kumvera wailesi. Bambo, ndakuonani. Simbi yamagetsi adailembetsa mwalamulo ndi mwamuna mnzanu, Henry Seeley, ku New York m'chaka cha 1882. Asilikali, apolisi ndi matelala onse amene mumasirira mizere ya mabuluku awo amasita okha, ndipo sindidamve kuti wina ndevu zidathothoka. Chigwiriro cha simbi chimalandira dzanja lililonse. Ngati amayi anu ankasita bwino, ndiye kuti mudali ndi mphunzitsi wabwino zaka zonse zija, n'chifukwa chiyani simudaphunzire? Loweruka likudzali inu mugwire mabuluku, mayi agwire madiresi, muone ngati m'mawa wa Lolemba mukhalanso mlandu.

Ndawotcha bulauzi yobwereka

Azakhali, ndithandizeni,

Ndine mtsikana wa zaka 19. Mnzanga adandibwereka bulauzi yoterera kuti ndivale ku chinkhoswe. Magetsi atathima ndidabwereka simbi yamakala kwa aneba. Nditangoiika pamsana pa bulauziyo ndidamva kuti fwee, ndipo ponyamula padatsala bowo, nsalu ina itamatirira kusimbi. Mnzangayo sindidamuuze, ndikumuzemba. Simbi ya eni nayonso ndaibisa. Pali njira yokonzera?

Ine Wamanyazi, ku Chinsapo

Iwe Wamanyazi,

Bulauzi yobwereka, simbi yobwereka, kodi chako pa chinkhoswepo chidali chiyani, mano okha? Safunsa adadya phula, mwana wanga. Aneba omwe adakubwereka simbiwo akadakuuza kagwiritsidwe kake ukadangotsegula pakamwa.

Bulauziyo yapita. Nsalu zoterera ngati nayiloni ndi poliyesitala ndi abale ake a pulasitiki. Thonje likapsa pang'ono limachita chikasu, ndipo nthawi zina ukalichapa msanga, n'kupakapo madzi a mandimu, n'kuyanika padzuwa, limayera. Koma izi zimasungunuka ngati jumbo pamoto, ndipo chosungunuka sichibwerera. Pita kwa mnzakoyo lero ndi bulauzi m'manja, unene zomwe zidachitika, mugwirizane kabwezedwe kake ngakhale pang'onopang'ono. Bowo la pabulauzi silikula, koma la pachinzake limakula tsiku lililonse ukamazemba.

Simbi ya eni ndiyo ingachire. Itenthetse pang'ono chabe kuti zomatirazo zifewe, uzipale ndi kamtengo, osati mpeni. Kenaka thira mchere papepala lolimba, uyendetsepo simbiyo mpaka pansi payere. Malizira popaka kandulo pang'ono, n'kupukuta ndithu pa sanza mpaka phula lonse lichoke. Uibweze ndi makala odzaza mbale, ndiwo mapepesedwe ake.

Tsono phunzira, chifukwa simbi yamakala ndi mfumukazi, ndipo magetsi akathima tonse timaigwadira, ngakhale a m'nyumba za mipanda. Makala uyatsire pa mbaula kaye mpaka afiire, asiye kufuka. Sankha ang'onoang'ono olimba, osati aja othetheka, uike m'simbi osadzaza mpaka pakamwa. Tseka chivindikiro, ndipo kokowera kaja, komwe pa simbi zambiri zakale kamaumbidwa ngati tambala, uonetsetse kuti kagwira. Tambala ameneyo akamasuka uli pakati posita, makala onse amakhuthukira pa chovala, ndipo kulira kwake kumakhala kwako. Tuluka nayo panja, uikupize uku ndi uku kuti phulusa lituluke m'mabowo a m'mbali ndi moto ukolere. Pukuta pansi pake. Uzibwereza zimenezi pakapita kanthawi, chifukwa kaphulusa kamodzi kokhala ndi moto n'kokwanira kuboola siketi.

Simbi imeneyi ilibe kagudumu ka madontho, kagudumu kake ndi nzeru zako. Isanakhudze chovala, iyese pa sanza yoyera. Sanza ikachita chikasu, yatenthetsa. Agogo anga ankaiyendetsa pa tsamba la nthochi kuti moto utsike ndi pansi paterere. Chovala chomwe ukuchikayikira uyambe kuyesa m'kati mwa mpendero, pomwe pakapsa sipaoneka. Ndipo sunga lamulo ili. Simbi yamagetsi umayamba ndi zovala zoopa moto n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka kufika pa thonje. Yamakala imatentha kwambiri makala akangokolera n'kumazizira yokha, choncho umayamba ndi majinzi, makhaki ndi zitenje, zoterera n'kubwera kumapeto moto utafooka, nazonso pansi pa kansalu konyowa. Iwe udayambira kumchira.

Chomaliza: usasitire m'chipinda chotseka mazenera ndi chitseko. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, womwe umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo umapha. Sitira pakhonde ngati ine, uziona odutsa.

Apongozi akundisititsa ndi matewera omwe

Zikomo Azakhali,

Ndili ndi mwana wa miyezi 4. Apongozi anga aakazi abwera kudzatithandiza, koma akuti chilichonse chochapidwa ndizisita: matewera, zovala zam'kati, mashiti, ngakhale masokosi. Ndani amaona makwinya a thewera? Ine ndikuona ngati akungofuna kundizunza.

Ine Mtengwa Wozunzika, ku Salima

Mwana wanga,

Makalata odandaula apongozi ndimalandira ambiri, ndipo kawirikawiri ndimakhala mbali yanu atsikana. Lero ayi. Pita ukawaphikire tiyi wamkaka mayi amenewo, ukawapatse chogwada.

Iwo sakusaka makwinya. Akusaka mazira a ntchentche ina yomwe pa Chingerezi amaitcha putsi fly kapena tumbu fly, ndipo akatswiri amati Cordylobia anthropophaga. Ntchentche imeneyi imakonda malo otentha ngati kwanu kunyanjako, makamaka nyengo ya dzinja. Imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi pomwe pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi, komanso pa zovala zachinyezi zoyanikidwa pansi, paudzu kapena pamthunzi. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu mazirawo amaswa timphutsi tosaoneka bwino ndi maso. Chovalacho chikakhudza thupi, kamphutsi kamaboola khungu n'kukhala m'menemo. Pamatuluka chotupa ngati chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati pomwe kachilomboko kamapumira, ndipo munthu amamva kuyabwa ndi kulasa, nthawi zina ngati m'kati mukuyenda kanthu. Mphutsiyo imakula m'menemo kwa masiku 8 mpaka 12 isanatuluke yokha. Agalu ndi makoswe ndiwo amavutika nayo kwambiri, koma khungu lofewa la khanda silivuta kuboola. Tsono taganiza, ndi chovala chiti pakhomo pako chomwe chimanunkhira mkodzo kuposa thewera?

Kutentha kwa simbi kumapha mazira ndi timphutsito. N'chifukwa chake akuluakulu amasita mbali zonse ziwiri, n'kutsindika m'misoko ndi m'mipendero momwe timabisala. Chomwe chili ndi lasitiki usite ndi moto wochepa pansi pa kansalu, kuti lasitikiyo isafe. Uziyanika pachingwe, padzuwa lenileni, zovala ziume ndithu, osati kuyala pa kapinga kapena pa mpanda wa maluwa.

Ukadzaona chotupa chotere, usachibaye ndi singano kapena minga. Anthu amamata Vaseline pakabowopo kuti mphutsi isowe mpweya n'kusuzumira kunja, kenaka n'kufinya pang'onopang'ono m'mbali. Koma pa khanda la miyezi 4, kapena chotupa chikakhala pafupi ndi diso, chikafiira kwambiri, chikatuluka mafinya, kapena mwana akatentha thupi, thamangira kuchipatala.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Cholakwa cha apongozi ako n'chimodzi: adalamula osafotokoza. Tsono poti abwera kudzathandiza, apemphe mwaulemu kuti masokosi ndi mashiti azigwira iwo, iwe uziyamwitsa.

Mayankho a pamsewu

Kwa Mayi a Mvano a ku Zomba, amene mukufuna kuti kolala ya bulauzi yoyera iziima ngati ya anzanu: mayi, chinsinsi chili m'khitchini mwanu. Sungunulani supuni imodzi yaikulu ya ufa wosalala wa chinangwa m'madzi ozizira pang'ono, muthiremo madzi owira pafupifupi lita imodzi mukutakasa mpaka achite ngati phala lamadzimadzi loonekera. Sefani, azizire, muviikemo bulauzi yochapa kale, mufinye, muyanike. Musite ikadali ndi chinyezi. Mukachulutsa ufa, mudzalephera kuweramitsa mutu popemphera.

Kwa Wokonda Zitenje wa ku Mchinji: chitenje usite kumbali yam'kati, chili ndi chinyezi, ndipo simbi izitsata utali wa nsalu kuti isapotoke. Diresi losokedwa ndi mikanda kapena zonyezimira ulitembenuze, uligoneke pa thaulo. Malaya okhala ndi zilembo zomata, aja mumalandira pa misonkhano, nawonso uwatembenuze, apo ayi uthenga wonse usamukira kusimbi.

Kwa Wophunzira wa ku sukulu yogonera komweko, amene simbi imodzi mumalimbirana anthu 60: yala yunifolomu mowongoka pansi pa matiresi usiku, uigonere. Kapena thira madzi owira mu kapu yachitsulo kapena m'poto woyera pansi, usitire pamenepo. Sizifika pa simbi, koma aphunzitsi sakubweza pa mzere.

Kwa Bambo Wodandaula Mayunitsi wa ku Area 25: simbi ya mawati 1,000 ikakoka magetsi ola lathunthu imadya yuniti imodzi. Chomwe chikukutherani ndi choti pakhomo panu anthu asanu amaitenthetsa kasanu m'mawa uliwonse, aliyense shati imodzi. Sitani za sabata yonse tsiku limodzi, ndipo zomalizira muzisita mutazimitsa kale, ndi moto wotsalira. Komanso magetsi akathima muli pakati posita, zulani pulagi nthawi yomweyo. Amabwera osaodira, inu muli kumsika, simbi itagona pa bulangete.

Kwa Mnyamata amene achimwene ako adakutumizira simbi kuchokera ku Johannesburg: mano a pulagi yake ndi obulungira, mabowo a kuno ndi amakona, ndamva. Koma zodula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'khoma, n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, usiye lero. Pulagi yatsopano ndi yotchipa kuposa bokosi la maliro.

Kwa iwe amene wafunsa ngati ungasite kolala shati ili pathupi chifukwa wachedwa: dzina lako ndalisunga, ndipo ndikudziwa amayi ako.

Za kansalu kanga kaja

Ndidalonjeza. Chaka choyamba cha banja langa, malemu amuna anga adali ndi shati yoyera imodzi yokha, ndipo adaitanidwa ku boma kukayesedwa ntchito. Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa lake lija loswa mtengo. Ine mtengwa watsopano, wofuna kuonetsa apongozi kuti kwathu adandilanga, ndidadzaza simbi ndi makala mpaka pakamwa. Ndili pakati posita, mbuzi idalowa m'khitchini. Pobwera kothamangitsa mbuzi ndidapeza simbi yadinda chithunzi chake pamsana pa shati, chofiirira bwino, mphuno yake kuloza kumwamba ngati tchalitchi.

Ndidayamba kulongedza m'mutu katundu wobwerera naye kwathu. Iwo adaiyang'ana shatiyo, adandiyang'ana ine, n'kuivala. Pamwamba adavala jekete yaubweya yomwe adakwatira nayo. Adayenda nayo wapansi, adayesedwa nayo, adabwera nayo madzulo thukuta lili kamukamu, ndipo amayi awo atafunsa za jekete pa dzuwa lotero, adayankha kuti mabwana amalemba ntchito anthu ooneka olemekezeka. Ntchito adaipeza. Mpaka apongozi anga adatsikira kuli chete akukhulupirira kuti idali jekete.

Kuyambira Loweruka lotsatira, simbi ankakoleza ndi iwo. Ankati akuteteza chuma cha banja. Ankasita zawo, kenaka zanga, ine ndili pambali ndikuwaza madzi ndi kuwauza nkhani za m'mudzi, ndipo zambiri zomwe ndakuuzani lerozi tidaziphunzira limodzi pa bulangete limenelo. Shati ija ndidadula mbali yakutsogolo yomwe sidapse. Yatha, yapyapyala ngati khoko la anyezi, koma mpaka lero palibe buluku lakuda lomwe limasitidwa pakhomo pano osadzera pansi pake.

Basi, nyamukani, makala anga akutha. Lamulungu ndikhala pamalo anga omwe aja, kumbuyo. Musadzati sindidanene.

Ndine wanu,
Azakhali